Kukhala chete popemphera: anzanga mumatha bwanji?

Nachisale_Ndix
Abale, ndithandizeni maganizo. Lamulungu lapitali abusa athu analalikira za Samueli, kenako anatipatsa ntchito yoti aliyense azikhala mphindi 10 pa tsiku ali chete pamaso pa Mulungu, osapempha kanthu, osayimba, kungomvetsera basi. Akuti ambirife timalankhula tokhatokha kuyambira pa "Atate" mpaka pa "Ameni", n'kudzuka kumapita, Mwiniwake osamupatsa mpata. Ine ndikangotseka maso mutu umathamangira ku fizi ya mwana, ngongole ya ku banki m'khonde, ndiwo za mawa. Komanso kuno ku Ndirande bata ungalipeze kuti? Uku bala, uku chigayo, uku ana a aneba. Ndiye mafunso anga ndi awiri: mumatani kuti maganizo akhazikike? Nanga chomwe tikudikira kumva n'chiyani, mawu enieni a m'khutu?

MotoWaMzimu
Mayi, chetechete sautsa nyama. Bartimeyo akanangokhala duu akanafa ali wakhungu. Anthu anamukalipira kuti atonthole, iye n'kufuulitsa, Yesu n'kuima. Tsegulani pakamwa, Satana sathawa munthu wogona.

Wa_Noma_Chitawira
Ine ndikati ndikhale chete, sipatenga nthawi madamu amayamba kundigwedeza kuti mkonono wanyanya 😂

Mkulu_Wampingo_Soche
A MotoWaMzimu, za Bartimeyo palibe akutsutsa, zili pa Marko 10. Koma werengani mpaka kumapeto. Atafika pamaso pa Yesu anasiya kufuula, chifukwa Yesu anamufunsa funso, ndipo funso suyankha usanalimve. Nanga Hana? Pa 1 Samueli 1 ankapemphera mumtima, milomo yokha ikugwedera, mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Pemphero lomwelo ndi lomwe linabala Samueli. Ngakhale ku Yeriko komwe timakonda kutchula pa mapemphero ochezera, Yoswa analamula anthu kuti pakamwa pawo pasatuluke mawu kufikira tsiku lomwe iye adzanene kuti fuulani. Masiku 6 anazungulira mzinda osalankhula. Kufuula kunali kwa tsiku la 7.

MotoWaMzimu
Malipenga ankalira tsiku lililonse, madala. Musadumphe vesi.

Mkulu_Wampingo_Soche
Ankaliza ansembe 7. Khamu lonse linali chete. Ife kuno aliyense amafuna akhale ndi lipenga lake.

Katekisiti_Chilomoni
Mayi Nachisale, ine ndiyankhe funso lanu loyamba, mkangano wa malipenga tiwasiyire akuluakuluwa. Vuto lomwe ndikuliona n'lakuti mukulowa m'chete muli chimanjamanja. Mtima wa munthu sukhala wopanda kanthu. Mukapanda kuupatsa chogwira, udzitolera wokha, ndipo umatola fizi ndi ndiwo.

Pali njira yakale kwambiri yomwe amonke akhala akuitsata, ndipo mmonke wina wa ku France dzina lake Guigo anailongosola bwino m'zaka za m'ma 1100. Mumayamba ndi kuwerenga kandime kakafupi, mavesi atatu kapena anayi, pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu. Pamakhala mawu ena amene amakukolani. Mumaima pomwepo n'kumawabwereza mumtima. Kenako mumamuuza Mulungu zomwe mawuwo autsa mwa inu, mwachidule. Pomaliza m'pamene mumakhala phee. Ndiye kuti chete akubwera kumapeto, Mulungu atalankhula kale kudzera m'Malembo, osati pachiyambi ngati mukudikira kuti kumwamba kutseguke.

Maganizo akathawa, musalimbane nawo, ingobwererani ku mawu aja. Akathawanso, bwereraninso. Kubwererako ndi pemphero kale. Ndipo musayambire pa mphindi 10. Yambani ndi zitatu.

Ife ku Katolika chete ali m'Misa momwe, pambuyo pa ulaliki ndi pambuyo pa kulandira Ukaristia. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unanena izi m'chikalata cha za chipembedzo cha 1963, kuti pa nthawi zoyenera anthu azikhala chete mwaulemu. Kungoti kwaya zathu zimaopa mpata, wansembe akangokhala pansi iwo ayambitsa kale nyimbo ina.

Mlongo_Wodzozedwa
Pepani a katekisiti, koma zimenezi ine zimandiopsa. Si zomwezi amachita a yoga ndi Abuda? Yesu anati mzimu woipa ukapeza nyumba yosesedwa, yopanda munthu, umakatenga inzake 7. Kukhuthula maganizo n'kutsegulira ziwanda chitseko.

Mphunzitsi_Wopuma_Kanjedza
Achemwali Wodzozedwa, nkhawa yanu njomveka, koma werenganinso zomwe a katekisiti alemba. Sananene kuti mukhuthule mutu. Anena kuti muudzaze ndi vesi limodzi m'malo mwa zinthu zambirimbiri. Nyumba ya pa Mateyu 12 inalibe mwini. Munthu yemwe wagwira mawu a Yesu mumtima nyumba yake ili ndi mwini.

Komanso izi sizinachokere ku India kapena kwa azungu. Zinakulira mu Africa momwe muno. Antonio wa ku Egypt, yemwe anamwalira mu 356, anamva m'tchalitchi mawu a pa Mateyu 19 onena za kugulitsa chuma n'kupatsa osauka, iye n'kuchitadi zomwezo, n'kupita kukakhala m'chipululu. Anthu ambiri anamutsatira, amuna ndi akazi omwe. Nthawi imeneyo Scotland, komwe kunachokera amishoni a ku HHI (mishoni ya CCAP ya muno mu Blantyre), Uthenga unali usanakhazikikeko n'komwe.

Pali kankhani ka amonke a m'chipululuwa komwe ndinkakonda kuuza ana a sukulu. Anthu awiri otopa ndi ntchito zothandiza anzawo anapita kukaona mnzawo wa kuchipululu. Iye anathira madzi m'mbale n'kuwauza kuti ayang'anemo. Madzi anali ovunduka, sanaone kanthu. Patapita kanthawi anawauza kuti ayang'anenso, ndipo anaona nkhope zawo. Aliyense yemwe anatungapo madzi a pachitsime nthawi ya dzinja akudziwa zimenezi: suchotsa matope povundula, umangoika ndowa pansi. Ndiye mayi Nachisale, fizi ndi ngongole zomwe zikubwerazo si umboni woti mwalephera. Zinalimo kale, kungoti phokoso linkaziphimba.

Mlongo_Wodzozedwa
Chabwino aphunzitsi. Koma ine ndiyamba ndaphimba malowo ndi mwazi wa Yesu.

Mphunzitsi_Wopuma_Kanjedza
Palibe wakuletsani, achemwali.

Bambo_a_Tada_Machinjiri
Poti nkhani ya phokoso yayambika, ndinenepo. Pafupi ndi kwathu pali katchalitchi ka malata, anthu ake sakwana n'komwe minibasi imodzi, koma masipika anayi, awiri analozetsa panja. Lachisanu lililonse kuyambira 9 koloko usiku mpaka kucha. Mwana wanga akukonzekera mayeso a Fomu 4, amawerenga atatseka makutu ndi thonje. Tinapitako ndi aneba kukapempha mwaulemu kuti atsitseko, anatiyankha kuti ndife otumidwa ndi mdima. Kodi Mulungu ndi gonthi?

Abusa_Achinyamata_BT
Bambo a Tada, ine ndine mbusa wa mpingo wa Pentekosite ndipo timachezera nafenso, koma pamenepo anzathuwo akulakwa. Sipika yoloza panja si ya Mulungu, ndi yotsatsira mpingo. Pitaninso, koma ulendo uno mudzere kwa amfumu a m'dera. Chokhacho musatiike tonse m'thumba limodzi. Pa Machitidwe 4 mpingo unakweza mawu pamodzi malo n'kugwedezeka, ndiye kupemphera mokweza si tchimo.

Wa_Noma_Chitawira
Bala ikamaliza nyimbo usiku wonse simudandaula, koma tchalitchi.

Bambo_a_Tada_Machinjiri
Timadandaula, aise. Kusiyana kwake n'koti wa bala sakuuza kuti uli ndi chiwanda.

Maule_Mpaka_Kale
Chete weniweni ali kwa a Noma tikawachinya pa Kamuzu Stadium. Mzinda wonse umangoti zii 😂

Wa_Noma_Chitawira
Iwe, ino ndi nkhani ya Mulungu. Tikumana pa derby.

Admin_Gulu
Anyamata, za mpira zili ndi gulu lake. Tibwerere ku funso la mayi Nachisale. Lachiwiri lija silinayankhidwe.

Nabanda_Bangwe
Ndisanafike ku lachiwiri, ndinene za malo, chifukwa enafe tilibe chipinda cholowa n'kutseka chitseko monga akunenera Mateyu 6. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, ana anayi, kuphatikizapo apongozi. Kwathu madzi amakonda kubwera usiku, cha m'ma 3 koloko. Kale ndinkadzuka ndikung'ung'udza. Pano ndimatenga zigubu ndi mpando waung'ono, ndimafunda chitenje, n'kukhala pa mpopi. Madzi amatuluka pang'onopang'ono, chigubu chimodzi chimatenga nthawi ndithu. Foni ndimaisiya m'nyumba dala. Ndimatenga vesi limodzi lomwe ndinawerenga madzulo, n'kumalibwereza mpaka zigubu zitadzaza. Agalu amauwa, a kabaza ena amakhala ayamba kale kudutsa, koma palibe wondiitana kuti "amayi, sokosi zanga zili kuti".

Chinanso, m'thumba la chitenje ndimasunga kapepala ndi cholembera. Ganizo likabwera loti mawa ndikalipire chakuti, ndimalemba n'kulisiya. Likalembedwa limasiya kuvutitsa.

Nachisale_Ndix
A Nabanda, za kapepalazo ndazikonda. Kuno madzi amabweranso usiku, koma amatunga ndi mwana wanga wamkulu. Mwina ndimulande ntchito.

Gogo_wa_Mvano
Ana inu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinaphunzira kupemphera kulibe magetsi, kulibe wailesi. Ukachoka ku mlaga madzulo umayenda mumdima uli wekha, mawu a mlaliki akukutsata. Lero mukangoti Ameni dzanja lili kale pa foni.

Namwino_Wa_Usiku
Funso lachiwiri ndiyankhe ine, mbali imodzi yokha. Ngati mukudikira mawu omveka m'khutu ngati a munthu, mudzakhumudwa kapena mudzayamba kudzipangira. Kwa akhristu ambiri kumva kumabwera mwa njira wamba: vesi lomwe waliwerenga kambirimbiri limakulasa mwatsopano, kapena umakumbukira munthu yemwe unamulakwira, kapena mantha omwe unali nawo amatsika.

Koma ndinene ngati wa zaumoyo. Munthu akayamba kumva mawu enieni omulankhula pamene palibe munthu, makamaka omulamula kuti adzipweteke, apweteke ena, asiye kudya kapena kumwa mankhwala, komanso akamatha masiku osagona, ameneyo asangotengeredwa kuphiri. Apite kuchipatala. Ku Queens kuli madokotala a matenda a maganizo, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matendawa. Kupemphera ndi kuonana ndi dokotala sizilimbana. Mabanja ambiri amabwera mochedwa chifukwa ankati m'bale wawo walandira mphatso.

MotoWaMzimu
Ndiye mukuti Mulungu anasiya kulankhula? Samueli anamva mawu enieni.

Mkulu_Wampingo_Soche
Anamvadi, achimwene. Koma onani zomwe anachita. Katatu konse anathamangira kwa Eli, poganiza kuti ndi iye akumuitana. Yemwe anazindikira kuti ndi Yehova ndi Eli, nkhalamba ya maso akhungu, ndipo ndi iye anamuphunzitsa choyankha. Samueli sanatuluke m'kachisi n'kukatsegula utumiki wake m'mawa mwake. Ndipo uthenga womwe anamva sunali wokoma, unali chiweruzo pa banja la Eli, moti ankaopa kuunena. Ine chomwe chimandidabwitsa n'choti a "Mulungu wandiuza" a masiku ano amangomva zowakomera: galimoto, ulendo wa ku Joni, mkazi wokongola wa mukwaya.

Chemwali_wa_Naperi
Apo mwalasa, bambo. Mnyamata wina wa ku fellowship anabwera kwa ine kuti Mulungu wamuonetsa kuti ndine nthiti yake. Ndinamuyankha kuti Mulungu yemweyo nambala yanga ali nayo, akandiuza ndikudziwitsa. Mwezi usanathe anali atauzanso mnzanga zomwezo.

Maule_Mpaka_Kale
Nthiti zilipo zambiri, achemwali 😂

Mphunzitsi_Wopuma_Kanjedza
Tikuseka, koma pali pena pamene zimenezi zimapha. Munthu amatuluka m'mapemphero n'kunena kuti waonetsedwa kuti agogo akuti ndi amene akulodza banja. Nkhalamba zamenyedwa, zina kuphedwa kumene m'dziko muno chifukwa cha mawu otere. Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndiye tikamaphunzitsa anthu kumvetsera, tiziwaphunzitsanso kuyesa zomwe amva, monga akunenera 1 Yohane 4. Kodi zikugwirizana ndi Malembo ndi khalidwe la Yesu? Kodi zikundituma kukonda mnzanga kapena kumuda? Kodi ndingazinene pamaso pa akulu okhwima osachita manyazi? Mawu amene akukuuza kuti ubise, ufulumire, usafunse aliyense, ine ndimawakayikira pomwepo.

Katekisiti_Chilomoni
Ndiwonjezere pa zomwe anena aphunzitsi. Ignasio wa ku Loyola anali msilikali, anavulala mwendo pa nkhondo ku Pamplona mu 1521. Ali chigonere anazindikira kanthu. Akamalota za ulemerero ndi akazi ankasangalala nthawi yomweyo, koma pambuyo pake mtima unkatsala wouma. Akamaganiza zotsata Khristu monga anachitira oyera, chimwemwe chinkakhalitsa. Apa m'pamene anayambira kuphunzitsa kuti ganizo uziliyesa poona komwe likukusiya, osati kukoma kwake pofika. Anaphunzitsanso kuti madzulo munthu azibwereza tsiku lake pamaso pa Mulungu: ndithokoze chiyani, ndi pati ndinayandikira, ndi pati ndinathawa. Zimenezi ngakhale wa CCAP kapena wa Sabata angathe, sizifuna kolona.

Wa_Noma_Chitawira
Nanga ife ogonafe mwatisiya pati?

Abusa_Achinyamata_BT
Achimwene, Eliya atathawa Yezebeli anagona pansi pa mtengo. Mngelo sanamudzudzule, anamupatsa chakudya ndi madzi, iye n'kugonanso. Za kuphiri la Horebu zinabwera pambuyo. Ngati mumadzuka 4 koloko kuthamangira minibasi, thupi likungotenga ngongole yake. Musapemphere mutagona pabedi. Khalani pa mpando, msana wowongoka, kapena yendani pang'onopang'ono pabwalo.

Ndipo poti ndatchula Horebu: kunabwera mphepo yong'amba mapiri, chivomezi, moto, Yehova sanali m'menemo. Kenako kamphepo kayaziyazi. Koma anthu amaima pomwepo ngati nkhani yatha. Chomwe Eliya anamva linali funso, kuti ukuchita chiyani kuno, kenako anatumidwa kubwerera komwe anachoka kukadzoza Hazaeli, Yehu ndi Elisa. Sanapatsidwe tchuthi. Ine ndikakhala chete, nthawi zambiri chomwe chimabwera ndi dzina la munthu woti ndikamuone kapena ndikamupepese, ndipo sindimakondwa nazo.

Wa_ku_Chilobwe
Ndakhala ndikuwerenga osalemba. Ine funso langa ndi lina. Nanga ukakhala chete, Mulungunso n'kukhala chete?

Namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, tinataya abale ndi aneba usiku umodzi. Kumsasa kunkabwera magulu osiyanasiyana, ena ndi ufa ndi mabulangete, ena ndi masipika. Wina anatilalikira kuti ndi chilango cha machimo a m'dera lathu. Ndinatuluka. Yemwe anandithandiza ndi mayi wina wachikulire, sindikudziwa n'komwe mpingo wake. Ankabwera madzulo, n'kuyala chitenje pafupi nane pakhonde la kalasi, n'kukhala. Nthawi zina ankandigwira dzanja. Akamanyamuka ankangoti "Ambuye akudziwa", basi. Miyezi yambiri sindinkatha kupemphera ndi mawu. Ndinkangokhala. Sindinamve kanthu, ndipo mpaka pano sindinganene kuti ndinamva. Koma sindinachoke.

Gogo_wa_Mvano
Pepa mwanawe. Pepa kwambiri.

Mkulu_Wampingo_Soche
Pepani achemwali. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu, poona kukula kwa chisoni chake. Mavuto anayamba atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake, ndipo kumapeto Mulungu anawadzudzula iwowo. Aroma 8:26 akuti sitidziwa chomwe tingapemphe, koma Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosaneneka. Kukhala kwanu kuja kunali pemphero, ngakhale simunamve kanthu. Ndipo ife Amalawi izi timazidziwa pa siwa: umafika, umagwira chanza, umakhala pansi. Sufunsidwa kuti wanena chiyani, amangokumbukira kuti unabwera.

MotoWaMzimu
Pepani mayi a ku Chilobwe, wolalikira uja analakwa. Koma ndisabise, ine nditataya mchimwene wanga chomwe chinandipulumutsa n'kukwera phiri la Ndirande n'kukalira mokuwa mpaka mawu kutha. Ahebri 5:7 akuti Yesu mwini anapemphera ndi kulira kwakukulu ndi misozi. Musatichititse manyazi ife olirafe ngati ndife osakhwima.

Namwino_Wa_Usiku
Palibe wanena kuti ndinu osakhwima, achimwene. Mawu atatha kuphiri kuja munatani?

MotoWaMzimu
Ndinakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka. Koma chimenecho ndi kutopa, si chiphunzitso.

Namwino_Wa_Usiku
Chabwino, tizitcha kutopa.

Dalaivala_Limbe_Town
Kwa ofuna malo: Njira ya Mtanda ya ku Michiru, mukakwerera ku Chilomoni, pakati pa sabata kumakhala anthu ochepa. Nthawi ya Lenti ndiye kumadzaza. Kungoti musapite nokha, makamaka amayi, mapiri athu masiku ano si onse okwera amapita kukapemphera. Pitani awiri kapena atatu, mukafika mutalikirane.

Bambo_a_Tada_Machinjiri
Mapiri enawa ndiye phokoso lake kuposa ku Limbe. Mwala uliwonse uli ndi mneneri wake.

Chemwali_wa_Naperi
Ine ndimagwira ntchito m'tauni. Pa nkhomaliro anzanga amapita ku mapemphero a masana, ine nthawi zina ndimangokhala mu ofesi, kutseka chitseko, foni kuitembenuza. Ndimatchera alamu kuti ndisamayang'ane wotchi. Funso langa kwa atsogoleri muli muno: bwanji matchalitchi ambiri amakhala okhoma pakati pa sabata? Munthu ungafune kulowa mphindi zochepa.

Mkulu_Wampingo_Soche
Akuba, achemwali. Anatibera ma amplifaya ndi mipando ya pulasitiki, ndiye session, bwalo la akulu a mpingo, inagamula zokhoma. Koma mukapempha mlonda kapena a ku ofesi amatsegula. Ine zomwe ndatola muno ndikazitengera ku mlaga wathu Lachitatu: tikawerenga Mawu, tisanayambe kufotokozerana, tikhale kaye mphindi ziwiri. Ndikudziwa kale kuti wina adzatsokomola, wina adzayambitsa korasi poganiza kuti wotsogolera waiwala pulogalamu.

Katekisiti_Chilomoni
Muwauziretu kuti ndi mphindi ziwiri ndipo inu ndi amene mudzatseke. Anthu amasowa mtendere akakhala kuti sakudziwa kuti zitha liti. Ndipo wa kiyibodi mumugwire manja.

Keys_Wa_Zingwangwa
Nthawi zonse mlandu umagwera ife. Ine ndimaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, ndipo pakangoti zii abusa amatembenuka n'kundiyang'ana ine. Ndikapanda kuika kanyimbo kapansipansi, tikaweruka amandifunsa ngati magetsi anathima. Kambiranani kaye ndi abusawo, ife manja tichotsa.

Abusa_Achinyamata_BT
A Keys, bwerani kwathu Lamulungu lino, sindikuyang'anani. Koma wa ng'oma ndiye sindikulonjeza.